Mapiritsi a ziphuphu: zoyenera kuchita musanameze, mukumwa, ndiponso mukamaliza

Ziphuphu zikafika poti sopo wakanika, zodzola zakanika, mandimu ndi aloe vera wa kuseri kwa nyumba zakanikanso, ambiri timathera pa mankhwala akumwa. Palibe cholakwika pamenepo, amathandizadi. Chimene chimavulaza anthu nthawi zambiri si piritsilo palokha ayi, koma zina zimene munthu akumeza pambali osanena kwa wina aliyense: mankhwala owonjezera magazi, a TB, a khunyu, mavitamini ogula m'tauni, kapena mimba imene mwiniwake sakudziwa n'komwe kuti ilipo. Nde tiyeni tiyende nazo bwinobwino.

1. Dziwani kaye dzina la chimene mwapatsidwa

Zikumveka ngati zachibwana koma afunseni anthu khumi amene akumwa mankhwala a ziphuphu, angapo akuyankhani kuti "timakapisozi tinatake" basi. Mankhwala akumwa a ziphuphu amene mungakumane nawo kwambiri ndi awiri, ndipo ndi osiyana kutalitali.

Oyamba ndi doxycycline, ambiri amangoti doxy. Awa ndi antibayotiki, a banja limodzi ndi tetracycline komanso minocycline, amapezeka pafupifupi mu famase iliyonse ndipo ndi omwewonso amaperekedwa pa matenda ena opatsirana pogonana komanso pa kolera. Pa ziphuphu kawirikawiri amapereka 50 kapena 100 mg patsiku, kwa miyezi itatu kapena chapompo.

Achiwiri ndi isotretinoin, ena amawadziwa ndi dzina loti Roaccutane kapena Accutane. Anayamba kugulitsidwa ku America mu 1982, ndi msuweni wake wa vitamin A, ndipo ntchito yake ndi kuphwetsa tizigawo ta pakhungu timene timatulutsa mafuta. Awa ndi a ziphuphu zikuluzikulu zija zokhala ngati zithupsa, zopweteka, zosiya zipsera, kapena zimene zakana mankhwala ena onse. Ndi amphamvu zedi ndipo malamulo ake ndi ambiri.

Ngati akuikirani m'kapepala ka pulasitiki kolembedwa 1x1 kokha, musachoke pawindo, afunseni kuti alembe dzina ndi ma mg ake, ndipo zilembedwenso m'buku lanu la kuchipatala. Onaninso tsiku lothera mphamvu, chifukwa mankhwala a banja la tetracycline akatha nthawi atha kuwononga impso. Za ogulitsa pa benchi mumsika kapena pa WhatsApp status ndisanene zambiri, mapiritsi amene akhala padzuwa tsiku lonse ndipo wogulitsayo sakufunsani funso ngakhale limodzi, asiyeni. Bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA ndi limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala m'dziko muno, famase yeniyeni imakhala ndi chiphaso chake. Ku Kamuzu Central kuli kiliniki ya matenda a pakhungu, yambirani ku health centre ya kwanuko, kaya ndi Kawale, Area 18 kapena Area 25, akaona kuti n'zofunika akulemberani kalata.

2. Lembani papepala chilichonse chimene mumameza

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Adokotala akafunsa kuti "pali mankhwala ena amene mukumwa?" ambiri timayankha msanga kuti ayi, chifukwa m'mutu mwathu mankhwala ndi okhawo a malungo kapena a chifuwa. Mapiritsi olerera sitiwawerengera, magnesium wa chilungulira sitimuwerengera, mavitamini amene anatitumizira achemwali a ku Joni sitiwawerengera, mankhwala azitsamba a m'mabotolo aja nde ayi ndithu. Ma ARV ena amabisa dala chifukwa cha manyazi, makamaka ngati pawindo pali mzere ndipo kumbuyo kwaima neba.

Nde chitani chonchi: musanapite, khalani pansi mulembe zonse papepala kapena mufoni, ngakhale jambulani mabotolo ndi mapaketi ake. Mukafika mungopereka pepalalo, simufunikanso kutchula mokweza. Lembaninso matenda amene muli nawo kapena munadwalapo, a chiwindi, impso, shuga, khunyu, matenda a maganizo, komanso ngati thupi lanu limadana ndi soya kapena mtedza chifukwa makapisozi a isotretinoin amakhala ndi mafuta a soya mkati.

Musaiwale zodzola. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'timachubu amakhala ndi ma steroid monga betamethasone kapena clobetasol, ndipo amenewa amabweretsa ziphuphu okha. Munthu atha kumwa doxy miyezi itatu osaona kusintha chifukwa usiku uliwonse akudzolabe chimene chikuyambitsa vutolo. Ndipo ngati mwadzola nthawi yaitali musangosiya lero lomwe, nkhope imatha kulusa, auzeni adokotala akuuzeni kasiyidwe kake.

3. Nkhani ya mimba ithe musanayambe

Onse awiri, doxy ndi isotretinoin, saloledwa kwa mayi woyembekezera. Doxy amakhudza mafupa ndi mano a mwana, mano amadzamera achikasu kapena otuwa ndipo sizichoka ndi mswachi, n'chifukwa chakenso sapatsidwa kwa nthawi yaitali kwa mayi woyamwitsa kapena ana osakwana zaka 8, mayiko ena amati 12.

Koma isotretinoin nde nkhani ina. Amalumalitsa mwana m'mimba, mtima, ubongo, makutu, nkhope, kapena mimba kupita padera, ndipo sizitengera kuti mwamwa ambiri, ngakhale masiku ochepa okha pa masabata oyambirira, nthawi imene mwiniwakenso sanadziwe kuti waima. Nde lamulo lake padziko lonse ndi ili: kuyezetsa mimba musanayambe, kuyamba kulera mwezi umodzi musanameze kapisozi woyamba, kulera nthawi yonse imene mukumwa, ndi kupitiriza mwezi wina wathunthu mutamaliza. Kuyezetsa mimba kumabwerezedwa mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito yake sakupatsani a miyezi isanu pakamodzi, amakupatsani a masiku 30 kuti mubwerenso.

Njira yolerera ikhale yodalirika. Lupu kapena ka pamkono, Jadelle kapena Implanon, n'zimene sizidalira kukumbukira. Ngati ndi mapiritsi kapena jakisoni, onjezerani kondomu. Mapiritsi ang'onoang'ono a amayi oyamwitsa aja, monga Microlut, paokha sakwanira pa nkhani iyi. Kuwerenga masiku kapena kuthira panja, ayi, osayerekeza. Ndipo pano mpamene pepala lanu lija limagwira ntchito, chifukwa rifampicin wa TB, efavirenz amene ali m'ma ARV ena, komanso mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafooketsa mapiritsi olerera ndi ka pamkono komwe. Munthu ali ndi Jadelle pamkono, akumwa mankhwala a TB, wayamba isotretinoin akudziona ngati ndi wotetezeka, pamene ayi.

Asikana ena amati "ine ndilibe chibwenzi, zolera n'zachani". Kambiranani ndi adokotala moona mtima, panokha, amayi kapena azakhali atadikira panja ngati zikuvuta kulankhula pamaso pawo. Miyezi isanu ndi yaitali, zinthu zimasintha.

Achimwene, inu mimba simutenga ndipo mankhwala amene amapezeka mu umuna ndi ochepa kwambiri moti savulaza mwana, koma makapisozi anuwo musagawireko mlongo wanu kapena chibwenzi chanu ati poti nayenso ali ndi ziphuphu.

4. Ngati ndi doxy, kamwedwe kake ndi aka

Imwani ndi madzi odzaza kapu, osati kakumeza kamodzi, ndipo mukhale tsonga kapena chiimire kwa mphindi 30. Osamwa muli pabedi kenako n'kugona. Kapisozi akakakamira pakhosi amasungunukira pompo n'kuwotcha njira ya chakudya mpaka chilonda, munthu amadzuka m'mawa pachifuwa pakupweteka, kumeza ngakhale malovu kukuvuta, ena amaganiza kuti ndi mtima. Nthawi yabwino ndi m'mawa mukudya kapena pa nkhomaliro. Kumwa muli ndi njala kumabweretsa mseru, nde idyani kaye kenakake, mbatata, phala, buledi. Tetracycline wakale uja ndi amene amafuna m'mimba mopanda kanthu, doxy alibe nazo vuto zakudya.

Tsopano zimene sayenda nazo limodzi. Doxy akakumana m'mimba ndi ayironi, calcium, magnesium, aluminium kapena zinc, amagwirana n'kukhala chinthu chimene matumbo sangayamwe, nde mankhwala amangodutsa kupita kuchimbudzi. Zinthu zimenezi zili mu mapiritsi owonjezera magazi monga ferrous sulphate ndi fefol, mankhwala a chilungulira monga magnesium trisilicate, mavitamini osakaniza, zinc wa kutsegula m'mimba, komanso mkaka, chambiko ndi yogati ngakhale kuti mkaka umachepetsa pang'ono poyerekeza ndi ayironi. Amene mumadya dothi, ndikudziwa mulipo ndipo si oyembekezera okha, liwerengereni m'gulu lomweli. Sikuti musiye mankhwala anu a magazi ayi, ingosiyanitsani nthawi ndi maola awiri kapena atatu. Mwachitsanzo doxy 7 koloko m'mawa ndi tiyi wopanda mkaka, a magazi masana kapena madzulo, yogati wanu cha m'ma 10 kupita kutsogolo. Amene muli pa ma ARV a TLD mukudziwa kale kuti dolutegravir amene ali m'menemo nayenso sagwirizana ndi magnesium ndi ayironi pa nthawi imodzi, nde pemphani a ku kiliniki yanu akukonzereni ndandanda ya zonse zitatu, doxy yekha alibe mkangano ndi TLD.

Gulu lachiwiri ndi mankhwala amene amapangitsa chiwindi kuchotsa doxy msanga m'thupi: rifampicin, carbamazepine, phenytoin, phenobarbitone, ndiponso mowa wa tsiku ndi tsiku. Apa kusiyanitsa maola sikuthandiza, adokotala ndi amene aone ngati asinthe mlingo kapena akupatseni zina. Chonde musasiye mankhwala a TB kapena a khunyu chifukwa cha ziphuphu, ziphuphu zitha kudikira. Amene amamwa warfarin wochepetsa kuundana kwa magazi, doxy amamuwonjezera mphamvu, munthu atha kuyamba kamfuno kapena kutuluka magazi m'nkhama, nde magazi amayenera kuyezedwa pafupipafupi.

Za mapiritsi olerera, kale ankati antibayotiki aliyense amawafooketsa koma zinapezeka kuti doxy satero, pokhapokha ngati wakusanzitsani kapena kukutsegulani m'mimba kwambiri moti piritsi silinakhale.

Azimayi ena amayamba mauka ali pa doxy chifukwa amaphanso tizilombo tabwino, zimachizika, kanenenitu osavutika nazo mwakachetechete. Ndipo mukamva kuti azungu obwera kuno amamwa doxy popewa malungo musaganize kuti basi inu malungo simudwalanso, thupi likatentha kayezetseni, akapezeka imwani LA wanu monga mwa nthawi zonse.

Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8, si nkhani ya masiku atatu. Nthawi zambiri amakupatsaninso chodzola monga benzoyl peroxide kuti tizilombo tisazolowere mankhwala, dzolani ndithu koma dziwani kuti amasuwitsa nsalu, thawulo ndi pilo zikhale zoyera kapena zakale. Ikakwana miyezi itatu bwererani akakuoneni. Kumangogula doxy chaka chonse panokha ine ndimakuona ngati kudzikonzera tsoka, chifukwa tsiku lina mudzamufuna pa matenda ena akuluakulu n'kupeza sakugwiranso.

5. Ngati ndi isotretinoin

Lamulo loyamba, osaphatikiza ndi doxy, tetracycline kapena minocycline. Isotretinoin ndi a banja la doxy aliyense payekha atha kukweza mphamvu ya madzi a m'mutu ozungulira ubongo, akaphatikizana chiopsezo chimakula, ndipo zimenezi zimafinya mitsempha ya maso mpaka munthu kuwonongeka maso. Zimachitika mosavuta kuposa mmene mukuganizira: muli pa isotretinoin wochokera ku chipatala cha pulayiveti, mwadwala zina mwapita ku health centre, akupatsani doxy wa masiku 7 chifukwa simunanene ndipo m'buku mulibe. Nde paliponse pamene mwapita, ngakhale kwa dokotala wa mano, nenani. Ngati mukuchoka pa doxy kupita pa isotretinoin, adokotala akuuzani masiku oti mudikire pakati, otsala a doxy aja musamalizitse mwa inu nokha.

Lachiwiri, vitamin A wowonjezera ayi. Mavitamini osakaniza, mafuta a nsomba aja a cod liver oil, mapiritsi a "khungu losalala, tsitsi ndi zikhadabo", werengani kumbuyo kwa botolo, mukaona vitamin A kapena retinol ikani kaye pambali. Shuga ndi mafuta ophikira amene amathiramo vitamin A ku fakitale alibe vuto, ndi wochepa, chimodzimodzi karoti, mapapaya ndi mango. Chiwindi chokha ndiye chepetsani, chili ndi vitamin A wambiri zedi.

Musanayambe amayenera kuyeza magazi kuona chiwindi ndi mafuta a m'magazi, kenako pakatha mwezi, kenako monga adokotala aonera. Ikani ndalama ya zoyezazi mu bajeti pamodzi ndi ya mankhwala, chifukwa ambiri amakwanitsa kugula makapisozi n'kumadumpha labu. Mlingo amawerengera pa sikelo yanu, kawirikawiri 0.5 mpaka 1 mg pa kilogalamu iliyonse patsiku kwa masabata 16 mpaka 24, nde wa mnzanu wa makilo 80 si wanu inu wa 52. Imwani mukudya chakudya chokhala ndi kamafuta, nsima ya ndiwo zotendera, mapeyala, dzira, chifukwa amalowa bwino m'thupi ndi mafuta. Mezani wathunthu osatafuna. Mukaiwala tsiku lina musamwe awiri mawa lake.

Mowa, kunena zoona bola kuusiya kaye miyezi imeneyi. Chiwindi chili kale pa ntchito, ndipo mowa umakwezanso mafuta a m'magazi omwe mankhwalawa akukweza kale, akakwera kwambiri amatupitsa kapamba. A shuga yezani shuga wanu pafupipafupi. Amene mumamwa prednisolone kapena phenytoin nthawi yaitali nenani, chifukwa zonsezi zimakhudza mafupa.

A bungwe losonkhanitsa magazi la MBTS akabwera ku sukulu, ku tchalitchi kapena ku ofesi kudzatenga magazi, inu musapereke, nthawi yonse imene mukumwa mpaka mwezi umodzi mutamaliza. Magazi anuwo atha kukaikidwa mwa mayi woyembekezera.

Kuuma nde yembekezerani, pafupifupi aliyense milomo imang'ambika. Mukayamba mu Juni kapena Julayi ndi kamphepo kouma ka Lilongwe kaja mudzakhala mnzake wa Vaseline, yendani naye m'thumba, pakani pamilomo ndi pang'ono m'mphuno kupewa kamfuno. Maso amauma, ovala ma contact lens bwererani ku magalasi. Ena amavutika kuona usiku, ndipo zimatha kubwera mwadzidzidzi, nde oyendetsa galimoto, minibasi kapena njinga yamoto ya kabaza usiku khalani tcheru. A ku jimu minofu ndi msana zimatha kuwawa, chepetsani zitsulo. Masabata oyamba ziphuphu zimatha kuwonjezeka zisanayambe kutha, musataye mtima, koma zikalusa kwambiri bwererani.

Pali nkhani ya maganizo imene anthu sakonda kuikamba. Ena ali pa mankhwalawa amayamba kukhumudwa, kukwiya msanga, kusowa tulo, ena mpaka maganizo ofuna kudzipha, enanso chilakolako cha m'banja chimatsika. Si onse, ambiri amamaliza bwinobwino, koma ku UK mu 2023 anakhwimitsa malamulo pa chifukwa chomwechi moti wosakwana zaka 18 ankafunika madokotala awiri avomereze asanayambe. Uzani munthu mmodzi wa pakhomo kuti mwayamba mankhwalawa ndipo azikuonani, chifukwa wa pambali ndi amene amazindikira msanga kuti munthu wasintha. Makolo, mwana akayamba kudzitsekera kuchipinda musangoti ndi unyamata. Siyani mankhwala, pitani kwa amene anakulemberani, a chipatala cha St John of God aliponso muno mu Lilongwe pa nkhani za maganizo.

6. Dzuwa ndi khungu

Onse awiri, doxy ndi isotretinoin, amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo zoti khungu lakuda silipsa ndi bodza, limapsa kenako n'kusiya mabanga akuda amene amatenga miyezi kuti achoke. Dzuwa la Okutobala mutaima pa depoti kudikira minibasi, kapena mukugulitsa panja tsiku lonse, chipewa kapena ambulera ndi zofunika, ndi sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, wa SPF 30 kupita m'mwamba ngati thumba likulola. Sambani kumaso ndi sopo wofatsa kawiri patsiku basi. Zokhula ndi shuga, mandimu, mankhwala otsukira mano, sitimu ya ku saluni, zonsezo imani kaye, ndipo zala zichoke kumaso.

7. Zizindikiro zoti musiye pompo n'kuthamangira kuchipatala

Mutu wopweteka kwambiri wosamva Panado, makamaka ukabwera ndi kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, kapena phokoso m'makutu. Maso kapena mkodzo wachikasu kwambiri. M'mimba mopweteka kwambiri chakumtunda mpaka kumsana. Kutsegula m'mimba kosalekeza kapena kwa magazi. Zidzolo thupi lonse, matuza, zilonda m'kamwa ndi m'maso, kutupa milomo kapena kubanika. Kumeza kowawa. Ndipo ngati mwadumphitsa kusamba kapena mukungokayikira kuti mwina muli ndi mimba, musamwenso kapisozi wina, kayezetseni tsiku lomwelo osadikira tsiku la apointimenti. Tengani paketi ya mankhwala ndi buku lanu popita.

8. Mukamaliza

Pa isotretinoin malamulo satha tsiku la kapisozi womaliza. Kulera ndi kusapereka magazi zipitirire mwezi wathunthu, ndipo kuyezetsa mimba komaliza kuchitike. Kuzula tsitsi ndi wax, kaya nsidze kaya miyendo, dikirani miyezi 6 chifukwa khungu limakhala lidakali lopyapyala, limatha kusendeka limodzi ndi tsitsilo, chimodzimodzi zopala zipsera ndi makina. Khungu limapitiriza kusintha kwa masabata angapo mutasiya, nde ngati ziphuphu zina zatsala madokotala amadikira kaye masabata 8 asanaganize zobwereza.

Pa doxy, mukasiya pitirizani chodzola chimene anakupatsani, ndi chimene chimagwira kuti zisabwerere. Makapisozi otsala, a mtundu uliwonse, bwezani ku famase kumene munagula akataye okha, musawasunge m'kabati momwe ana amafikira kapena momwe wina wa pakhomo angadzawatenge tsiku limene nayenso zamutuluka kumaso.